Feteleza wa "green ammonia", ndi zoona kapena ndi malonda chabe?

mlimi_waku_Dedza:
Abale ndithandizeni. Ndamva pa wailesi kuti azungu akufuna kumapanga feteleza opanda gasi, ati zithandiza nyengo. Nanga feteleza ndi gasi zikukhudzana bwanji?

kamba_pang'ono:
Achimwene, urea timagula uja amachokera ku ammonia, mankhwala omwe amapanga pophatikiza nayitrojeni ndi hayidrojeni. Nayitrojeni amatenga mumpweya, hayidrojeni ku gasi, pamenepo ndi pomwe pamatuluka CO2 wambiri, mpweya wotenthetsa dziko uja. Ndiye chifukwa gasi atadula mu 2022 thumba nalo linakwera mpaka tinalira. Njira yatsopanoyi, yomwe akuti green ammonia, amagawa madzi ndi magetsi a sola kapena mphepo kuti apeze hayidrojeni.

anaBanda_ku_Kwekwe:
Sizatsopanotu izi! Kuno ku Zimbabwe a fakitale ya feteleza ya Sable Chemicals ankapanga choncho kuyambira m'ma 1970 ndi magetsi a ku Kariba, anasiya 2015 chifukwa magetsi ankadya ambiri zedi, dziko lonse lili mumdima iwo akugawa madzi.

kamba_pang'ono:
Zoona amayi. Komanso magetsiwo akakhala a malasha palibe chomwe mwaphula. Ndipo feteleza ukamuthira m'munda amatulutsabe nitrous oxide, mpweya winanso wotenthetsa dziko, ndipo mvula ikagwa feteleza wina amakokoloka kupita kumtsinje, kaya ndi green kaya ayi.

mlimi_waku_Dedza:
Eeeh ndiye mtengo utsika kapena ndipitilize ndi manyowa anga?