Mbiya yakuda bii ya pa TikTok, koma zanga zikutuluka zotuwa

Nachisale: Oumba anzanga, ndithandizeni maganizo. Mwini malo ena ogona alendo kunyanja wanditumizira kavidiyo ka pa TikTok, akufuna mbiya 12 zonga ya m'menemo. Ndi yakuda bii, yonyezimira, khosi lalitali lopendekeka. Kavidiyoko n'kakafupi: manja akukulungiza, kenaka mbiya yopsa kale. Dzina la woumba palibe, amene anaika ndi aja ongotola ntchito za ena. Ine ndakulungiza ndi nkhulungo mpaka mkono kuwawa, koma potuluka m'ng'anjo kuwala konse kwatha, ndipo nditafukiza zada mwa mawangamawanga. Chikuvuta n'chiyani?

Bambo Mbewe: Mayi, musanayatsenso moto pezani kaye mwini mbiyayo. Imitsani vidiyo pamene ikuoneka bwino, jambulani sikirini, chithunzicho muchiike pa Google Lens. Muonenso m'makomenti, nthawi zambiri pamakhala wina wotchula dzina.

Nachisale: Ndatero a Mbewe. Likubwera dzina la Magdalene Odundo.

Thoko: Eee amayi, ndiye kasitomala wanuyo ali ndi diso! Mayi Odundo anabadwira ku Nairobi mu 1950, ntchito yawo amagwirira ku England. Saumba pa gudumu ayi, amasanja dongo ndi manja monga achitira agogo kumudzi. M'zaka za m'ma 1970 anakaphunzirako ku Abuja, kumene kunali Ladi Kwali, mayi woumba uja ali pa ndalama ya 20 naira ya ku Nigeria. Mbiya zawo zilibe glaze, chopaka chija chonyezimira ngati galasi cha pa makapu ndi mbale. Amakulungiza, n'kupaka madzi a dongo losalala kwambiri lotchedwa terra sigillata, n'kupukutanso. Akaotcha mpweya ukulowa, mbiya imafiira. Kuda kumabwera pa moto wachiwiri, mbiya ili m'chotengera chotseka pamodzi ndi zinthu zofuka utsi. Zonsezi kavidiyo kanuko kadumpha. Mwinanso manja mwaonawo si awo, ongotolawa amalumikiza zidutswa za anthu osiyana.

Gogo Nankhoma: Mwanawe Nachisale, ndiuze, ukuotchera pa moto wanji?

Nachisale: Ndimaziika limodzi ndi makapu a glaze, agogo, kuti gasi asaonongeke. Pamakhala cha m'ma madigiri 1200 a Celsius.

Gogo Nankhoma: Basi, vuto ndi lomwelo. Nkhulungo imagoneka tinthu ta dongo kuti tigone mbali imodzi, n'chifukwa chake pamawala. Moto ukakula dongo limanyala, limasintha, kugona kuja kumasokonekera, mbiya n'kutuwa. Ukapitirira 1000 wataya thukuta lako. Ziotche pazokha, uimire cha pa 900 kapena 950. Moto wocheperawo umasiyanso timabowo m'dongo, ndipo utsi umalowa m'menemo. Mbiya imene yapsa pa 1200 yatsekeka kale, mwaye umangokhala pamwamba, ukagwira umatsala m'manja. Ndi mawanga ukunenawo. Amayi anga analibe choyezera moto, ankaotchera pansi ndi nkhuni ndi makungwa, koma nkhali zawo zinkawala chifukwa moto wapansi sufika kutali.

Chikondi: Koma nthawi ikuchepatu. Bwanji osangopopera penti wakuda, kapena polishi wa nsapato monga amachitira ena pa ziboliboli? Mlendo sangadziwe.

Gogo Nankhoma: Ayi Chikondi, zimenezo usamuphunzitse mnzako. Polishi amanunkha, amadetsa nsalu ya pa tebulo, dzuwa la kunyanja likamuomba amayamba kumata. Mbiya 12 zikabwezedwa, dzina loipa likhala la Nachisale, osati la polishi.

Chikondi: Ndamva agogo, pepani.

Thoko: Za terra sigillata ija mutha kupanga nokha. Sungunulani dongo lanu lofiira m'madzi ambiri, makamaka a mvula, mudonthezemo sodium silicate (mankhwala olekanitsa tinthu ta dongo m'madzi) pang'ono ngati muli naye, muvundule bwino m'botolo loonekera mkati. Lisiyeni tsiku lathunthu osaligwedeza. Mchenga ndi dongo lokhakhala zitsikira pansi, inu mukoke ndi kapaipi madzi amatope apamwambawo osafika pansipo. Pakani mopyapyala kawiri kapena katatu pa mbiya youma, isanaumitsitse pukutani ndi kajumbo kofewa kapena nsalu. Mukapaka mochindikala imasupuka.

Bambo Mbewe: Pofukiza ine ndimagwiritsa mgolo wachitsulo. Utuchi pansi, mbiya zisakhudzane, utuchi wina mkati ndi pamwamba, vindikirani, mata m'mphepete ndi dothi, moto usonkhe kunja kuzungulira. Pamene palowa mpweya pamafiiranso, ndiye musatsegule mpaka mgolo utazizira. Mankhusu a mpunga amagwiranso. Koma utuchi muufunse kwa akalipentala kuti ndi wa matabwa enieni, wa matabwa opentedwa kapena omata ndi guluu utsi wake ndi poizoni.

Nachisale: Zikomo kwambiri. Nanga anthu ena ochita zoterezi ndingawapeze bwanji? Foni yanga imangondionetsa magule ndi nthabwala, bandulo n'kutha osaphunzira kanthu.

Bambo Mbewe: Foni imakupatsani zimene mwachedwapo. Gule akabwera, dinikizani chala pa vidiyo musankhe Not interested. Pofufuza lembani "burnished pottery", "pit firing" kapena "saggar firing", zimene zakugwirani mtima muonere mpaka kumapeto ndi kuzisunga. Pakapita masiku ochepa zisintha. Lembaninso maina awa: Maria Martinez wa ku San Ildefonso, New Mexico, amene ankadetsa mbiya pokwirira moto ndi ndowe zouma, ndi Nesta Nala wa ku KwaZulu-Natal, wa mbiya zakuda zomwera mowa. Mukapeza dzina pa kavidiyo kakafupi, pitani nalo pa YouTube, kumeneko ndiye kuli mavidiyo aatali oonetsa moto wake. Tsatirani oumba eni ake, masamba ongotolawa asiyeni.

Thoko: Ine nkhawa yanga ndi khosi lija. Njira yokulungiza ndi kufukiza ilibe mwini, koma maonekedwe a mbiya ija ndi a Mayi Odundo, odziwa akangoona amazindikira. Mlendo adzajambula, adzaika pa Instagram, inu mudzatchedwa wokopera. Bwanji osaumba mtsuko wathu womwewu, wa mimba yozungulira ndi mizere ya m'khosi, n'kuudetsa motero?

Gogo Nankhoma: Thoko wanena zoona. Umuuzenso kasitomalayo kuti mbiya ya moto wochepa imachucha madzi pang'onopang'ono. Akafuna kuikamo maluwa, aike kabotolo mkati. Ndipo usathamangire, ziume pamthunzi mpaka ukaika patsaya zisamveke kuzizira, apo ayi ziphulika.

Nachisale: Ndamuimbira. Wavomera mtsuko, koma akufuna aone umodzi kaye asanapereke theka la ndalama. Ndiumba itatu yoyesera, wina wa nkhulungo yokha, iwiri ya terra sigillata. A Mbewe, mgolo wanuwo ndi wa malita angati, ndipo mumasonkha moto maola angati?

Bambo Mbewe: Wa malita 200, koma pa itatu yokha dulani pakati, utuchi ungakuthereni chabe. Moto ndimasonkha mpaka utsi wotuluka m'mphepete mwa chivindikiro utachepa, kenaka ndimausiya ugone usiku wonse. Loweruka ndikufukiza zanga, ndijambula kuyambira posanja mpaka potsegula, osadula, ndiika pano.