Gulupu ya banja ku Joni: ulendo wa ku Ondini ndi ana

Malume Rosettenville: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwerezanso nkhani ija tinayamba Lamlungu potuluka mu tchalitchi. Disembala ino tisapitenso ku Zoo Lake kukaotcha nyama ngati zaka zonsezi, ana awa tiwatengere ku Ulundi akaone Ondini, kumudzi kwa mfumu ya Azulu Cetshwayo. Wamkulu wanga uja anabwera ndi homuweki ya mbiri ya Azulu nkundifunsa kuti adadi inu mumati ndife Angoni, ndiye Mngoni ndi Mzulu ndi munthu mmodzi? Ndinamuyankha mwapatalipatali ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi

Mayi aang'ono Tembisa: Taswera achimwene. Maganizo ndi abwino koma Ulundi si pakhomo, ndi makilomita opitirira 500, ndalama yake ichokera kuti pomwe Novembala tonse timatumiza ya feteleza kumudzi

Braz Cosmo: Ine ndafunsa kale mayi. Dalaivala uja wa ku mpingo kwathu ali ndi minibasi ya Quantum wati R6,500 masiku awiri, mafuta ndi matolgeti zonse momwemo. Njira ndi N17 mpaka Ermelo, kenako Piet Retief, Vryheid, nkulowa R34, pomaliza R66 ya ku Ulundi. Tikanyamuka 3 koloko mbandakucha ana agona mmsewu, tikafika dzuwa lisanakwere kwambiri

Sisi Yeoville: Bwanji osangopita nkubwerera tsiku lomwelo tipulumutse ya malo ogona

Alamu: Ayi asisi, ana 7 mu Quantum maola 6 kapena 7 kupita, enanso 7 kubwera? Wanga wamng'onoyu amasanza akangodutsa ola limodzi. Komanso dalaivala ndi mmodzi, naye ndi munthu amatopa, sindingalole ana ayende usiku ndi munthu woti wakhala pa chiwongolero kuyambira 3 koloko

Ine: Alamu akunena zoona. Ndaona nyumba zophika wekha ku Vryheid, ina ya zipinda zitatu akuti R1,900 usiku umodzi ndipo avomera kuti ana agone pansi pa matiresi athu. Nde ndawerengera, 6,500 kuphatikiza 1,900 ndi 8,400, akuluakulu tilipo 7, aliyense R1,200. Tikayamba kutha kwa Seputembala ndi R400 pamwezi miyezi itatu. Za pageti ndiimba Lolemba ndifunse mtengo wa ana ndi wa akulu komanso nthawi yotsegula Loweruka

Sisi Yeoville: Ndinene chilungamo abale anga, R400 pamwezi kwa ine njolemera, renti, sukulu ya awiriwa, kwinaku agogo akudikira thumba la feteleza. Mwina anawo apite ine nditsale

Malume Rosettenville: Zimenezo ayi mphwanga, sutsala. Ine ndine malume wako, ya mwezi wachitatu ndikulipirira ndine, iwe ubweretse mandasi ako aja basi chidebe chodzaza. Ndipo pasakhale zowerengera ana pamutu, mwana salipira, ana ndi a tonse

Sisi Yeoville: Zikomo malume, Mulungu akudalitseni. Mandasi ndiphika Lachisanu usiku, ndi mazira owiritsa omwe

Mayi aang'ono Tembisa: Chabwino ndalowa nawo. Koma ndifunse, kumeneko kuli chani kwenikweni choti mwana aone, asakafike nkuyamba kufunsa kuti palasi ija ili kuti poganiza za zinyumba zosanja za pa TV

Malume Rosettenville: Funso labwino achemwali, ndipo tiwauziretu ana asananyamuke. Ondini si nyumba ya njerwa, unali mudzi waukulu wozungulira, khola la ng'ombe pakati, nyumba za udzu zozungulira ngati dengu lovundikira, khomo lalifupi lolowa chowerama. Cetshwayo anaumanga 1873 atalowa ufumu. Mu Januwale 1879 asilikali ake anagonjetsa Angerezi pa Isandlwana, koma pa 4 Julayi chaka chomwecho Angerezi anapambana nkhondo ya pa Ulundi nkutentha mudzi wonse. Nde chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi, moto uja unaotcha dothi la pansi lozira lija mpaka kuuma ngati mbiya, pansi pa nyumbazo sipanafafanizike, ofukula zakale anapapeza ndipo nyumba za kumtunda kumene kunkakhala mfumu, isigodlo, anazimanganso pamalo ake enieni. Mwana akaima pamenepo waima pamene panali nyumba ya mfumu ndithu. Pomwepo palinso myuziyamu ya chikhalidwe cha Azulu, mikanda, zishango, nthungo, miphika ya mowa

Ine: Mfumuyo inaphedwa pa nkhondoyo?

Malume Rosettenville: Ayi anaigwira patapita masabata angapo nkuitengera ku Cape Town, 1882 inapita mpaka ku London kukaonana ndi Mfumukazi Victoria kupempha dziko lake, inabwerera 1883, nkumwalira 1884 ku Eshowe

Braz Cosmo: Malume pobwerera Lamlungu tingaimenso pa uMgungundlovu, ili chapafupi ndi R34 yomweyo sitikhota kutali. Ndi mudzi wa Dingane mfumu ina ya Azulu, pamene Piet Retief mtsogoleri wa Mabunu anaphedwa mu Febuluwale 1838, tauni tidutse popita ija ndi dzina lake lomwelo ngakhale pano amati eMkhondo. Ana aphunzira kale zimenezi mkalasi akaziona ndi maso

Alamu: Ziwiri zikwana musaonjezenso china, Disembala kumeneko kumatentha zedi. Aliyense chipewa, madzi tiumitse mu firiji mabotolo a 2 lita akhale ngati aisi mu kula bokosi. Ine mpunga ndi nkhuku za Loweruka masana. Mayi aang'ono mutenge ufa ndi nyemba tikaphike nsima usiku ku Vryheid, pa garaji tingoima kupita ku toileti, osagula kanthu, ana akangoona shopu ndalama yatha

Mayi aang'ono Tembisa: Ufa, nyemba, Oros, mpoto waukulu uja ndi mthiko zonse kwa ine. Ndatumiza nkhaniyi kwa amayi kumudzi ayankha pompano, mwana wa aneba akuwalembera

Agogo Ntcheu: Ana anga ndamva ndipo ndakondwa. Ife kuno Chingoni chinatithera pakamwa, tatsala ndi nyimbo za ngoma zomwe timaimba mawu ake osawamvetsa onse, ndi Bayethe amene timanena kwa Inkosi Gomani ku Lizulu. Adzukulu anga kumeneko akuyankhula Chizulu kusukulu, ndiye apite akamve okha. Koma musakawanamize kuti makolo athu ankakhala mmudzi wa mfumu imeneyo

Malume Rosettenville: Amayi anena mawu amene ndimafuna kunena. Makolo athu anachoka kummwera kuno nthawi ya nkhondo za Shaka, Ondini asanamangidwe ndi zaka pafupifupi 50. A Zwangendaba anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene dzuwa linada, amenewo ndi a kwa M'mbelwa ku Mzimba. Ife a kwa Gomani ndi a Maseko, gulu lina, makolo athu anachokera chakumene pano kuli eSwatini, ndipo tikamadutsa Piet Retief malire ake ali pafupi, pamenepo ndidzawadzutsa ana ndiwalozere. Nde Cetshwayo si mfumu yathu koma mamangidwe, khola pakati, chishango, Bayethe, zonsezo makolo athu ananyamuka nazo kuchokera dera lomweli. Ndipo Angerezi amene anatentha Ondini 1879 ndi omwenso anapha Gomani Chikuse kwathu 1896, mwana akamva ziwirizi pamodzi saiwala

Sisi Yeoville: Wanga wamkazi uja ndamuwerengera ali phee, akuti iye ndi amene azikatanthauzira agogo zimene wotiperekeza azinena mu Chizulu

Agogo Ntcheu: Andijambulire mawu pa foni ndimve. Ndipo polowa mnyumba ya mfumu avule zipewa, asathamangethamange, apereke moni ndi ulemu ngati kwa Inkosi

Braz Cosmo: Tsiku nde liti, ine ndikuti Loweruka loyamba sukulu zikangotseka, pa 16 isanafike, chifukwa ikafika 16 misewu imadzaza ndi anthu opita kwawo ndipo dalaivala naye amakhala ndi maulendo a kumudzi

Ine: Bho. Aliyense apemphe ofu kuntchito pano pomwe osadikira Disembala, ndipo pasipoti, pemiti ndi mapepala a ana tiike mu envulopu imodzi banja lililonse, marodibuloko nthawi imeneyo amachuluka. Ndalama muzitumiza kwa ine ndizilemba muno aliyense aziona

Mayi aang'ono Tembisa: Wanga sanaonepo nyumba ya udzu chibadwire, ndamuuza akufunsa ngati mvula simalowa

Malume Rosettenville: Musamuyankhe achemwali, akafunse yekha akafika. R400 yanga yoyamba ndatumiza, taona ngati yalowa

Ine: Yalowa malume. Braz muuzeni dalaivala atisungire tsikulo, dipoziti tipereka pa 30