Ndapeka nyimbo 14 pa mutu umodzi, koma zonse zikunena chinthu chimodzi. Kodi ndalakwitsa pati?

Wagitala walemba:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga opeka nyimbo. Ndakhala ndikupeka kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nthawi yonseyi ndinkatulutsa nyimbo imodziimodzi, iliyonse ndi nkhani yakeyake. Chaka chatha ndinatsimikiza mtima kuti ndipange chimbale cha mutu umodzi, womwe ndi moyo wa munthu amene wachoka kwawo kukagwira ntchito kutali. Mutuwu ndi wapamtima panga, chifukwa bambo anga anakhala moyo woterewu kwa zaka zambiri ndipo ine ndinakula ndikuwadziwira m'makalata.

Pofika lero ndili ndi nyimbo 14, koma nditaziimba zonse motsatizana usiku wina ndinagwa mphwayi. Iliyonse payokha imakoma ndithu, koma zikaikidwa pamodzi zimamveka ngati nyimbo imodzi yaitali imene ikunena kuti "ndapukwa kwathu" maulendo 14. Kodi inu amene munadutsamo mumatani kuti mutu ukhale umodzi popanda nyimbo kubwerezana? Nanga mumayamba ndi mutu, kapena mutuwo umadzaoneka nyimbo zitapekedwa kale?

Mphunzitsi wa Nyimbo wayankha:

Achimwene, mwachita bwino kuziimba motsatizana musanapite ku situdiyo, pakuti ambiri vutoli amaliona chimbale chitatuluka kale. Mmene ndikuonera, muli ndi mutu koma mulibe munthu. Kupukwa ndi mmene mtima ukumvera, ndipo mtima ukaimbidwa pawokha umatha m'nyimbo ziwiri kapena zitatu. Chimene sichitha msanga ndi munthu mmodzi amene akuyenda, akuona zinthu, ndipo zinthuzo zikumusintha pang'onopang'ono.

Ophunzira anga ndimawauza kawirikawiri za Winterreise, nyimbo 24 zimene Franz Schubert anapeka mu 1827 pa ndakatulo za Wilhelm Müller. Nkhani yake ndi yochepa kwambiri: mnyamata wakanidwa m'chikondi ndipo akuchoka m'mudzi usiku, m'nyengo ya chisanu. Chisoni chake n'chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma nyimbo zambiri zimaima pa chinthu chooneka ndi maso. Pena akudutsa mtengo umene anazokotapo mawu achikondi kale, pena akumva lipenga la wonyamula makalata ndipo mtima wake ukudumpha ngakhale akudziwa kuti kalata yake palibe, pena khwangwala akumutsatira, pena wafika kumanda n'kuwaona ngati nyumba ya alendo imene ilibe malo oti iye agone. Pomalizira akumana ndi nkhalamba yoimba chida chopukusa ndi dzanja, itaima pamadzi oundana yopanda nsapato, popanda woimvetsera. Womvera satopa chifukwa maso ake akusintha malo nthawi zonse, ngakhale bala lili lomwelo.

Choncho tengani pepala, mulembe nyimbo zanu 14, ndipo pambali pa iliyonse muyankhe mafunso atatu: akuyankhula ndani, ali pati, ndipo wagwira chiyani m'manja? Mukapeza nyimbo zisanu zimene yankho lake ndi lofanana, dziwani kuti muli ndi nyimbo imodzi imene mwaipeka kasanu, ndipo musunge yamphamvu koposa. Mwatchula makalata a bambo anu, ndipo ine ndikuona kuti chimbale chanu chagona pamenepo. M'kalata muli wolemba, muli wowerenga, muli zimene zanenedwa, komanso muli zimene wolembayo anabisa kuti apakhomo asade nkhawa. Mayi amene ankalandira makalatawo ali ndi nyimbo yawo, mwana amene ankamvetsera akuwerengedwa ali ndi yake, ndipo mwezi umene kalata sinabwere ndi nyimbo inanso. Musaope ngakhale nyimbo imene bamboyo akusangalala kumene aliko, chifukwa munthu sakhala zaka khumi akulira tsiku lililonse, ndipo manyazi amene amamva pozindikira kuti wayamba kuzolowera kuchilendo amapweteka kuposa kupukwa kumene.

Mlakatuli wayankha:

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa nkhani ya munthu, koma pa funso lachiwiri ndili ndi chenjezo. Ine ndinayesapo kulemba ndondomeko yonse ndisanapeke kanthu, kuti nyimbo yoyamba inene zakuti, yachiwiri zakuti, mpaka yakhumi. Zimene zinatuluka zinali zolongosoka koma zozizira, chifukwa ndinkangodzaza mipata imene ndinaikonza ndekha, ndipo palibe mzere ndi umodzi womwe umene unandidzidzimutsa ine mwini wake.

Tsopano ndimapeka nyimbo zinayi kapena zisanu osadzifunsa kumene zikupita, kenako ndimaziwerenga ngati kuti wazilemba ndi munthu wina, n'kumafufuza liwu kapena chithunzi chimene chikubwerabwera ndisanachiitane. Nthawi zambiri mutu weniweni umasiyana ndi umene ndinkaganiza. Mwina inunso mupeza kuti chimbale chanu sichikunena za bambo amene anachoka, koma za mwana amene anatsala akudikira, ndipo n'kutheka kuti nyimbo zikufanana chifukwa mukuimba ndi pakamwa pa munthu amene moyo wake wakutaliwo simunauone ndi maso. Ndondomeko ibwere pakati pa ntchito, kuti ikuonetseni nyimbo zimene zikusoweka, osati poyambirira.

Wa ku Situdiyo wayankha:

Ine sindipeka mawu, ntchito yanga ndi kujambula, ndiye ndiyankhula za khutu. Nyimbo zimatha kubwerezana ngakhale mawu ake ali osiyana, makamaka ngati zonse zapekedwa pa gitala imodzi, chifukwa zala zimathamangira kumene zinazolowera. Pa pepala limene aphunzitsi anena onjezanipo kiyi ya nyimbo iliyonse (mulingo wa kukwera kapena kutsika kwa mawu umene nyimboyo yakhazikikapo), liwiro lake, ndi mmene imayambira. Sindidzadabwa mukapeza kuti theka la nyimbozo lili m'kiyi imodzi, pa liwiro lofanana, ndipo zonse zimayamba ndi gitala yokha mawu asanalowe. Nyimbo ziwiri zoterezo zisagundizane, ndipo imodzi kapena ziwiri muyese kuzipekanso pa piyano kapena ndi mawu okha popanda chida.

Nkhani ina ndi kutalika. Mu 1948 kampani ya Columbia Records itatulutsa chimbale cha LP, mbali imodzi inkatenga mphindi pafupifupi 22, pamene zimbale zakale zozungulira maulendo 78 pa mphindi zinkatenga mphindi zitatu kapena zinayi zokha. Malire amenewa ndi amene anaphunzitsa oimba kuganiza za chimbale ngati ulendo wa zigawo ziwiri, chilichonse chokhala ndi khomo lolowera ndi lotulukira, ndiponso anawakakamiza kutaya nyimbo zosafunika. CD itabwera mu 1982 ndi malo a mphindi zoposa 70, ambiri anayamba kuikamo chilichonse chimene anajambula, ndipo m'maganizo anga zimbale zambiri zinafooka chifukwa cha ufulu umenewo. Ine ndimalangizabe oimba kuti azigawa chimbale pawiri ngakhale chikupita pa intaneti, ndipo azidzifunsa kuti chasintha n'chiyani pamene gawo loyamba likutha.

Mvetserani What's Going On, chimbale cha Marvin Gaye, cha mu 1971. Muli nyimbo zisanu ndi zinayi zokha, zoimbidwa ngati kuti woyankhula ndi msilikali amene wabwerako ku nkhondo ya ku Vietnam, monga anachitira m'bale wake wa woimbayo. Nkhani zake n'zosiyanasiyana, monga nkhondo, mankhwala ozunguza bongo, tsogolo la ana, kuwonongeka kwa chilengedwe ndi umphawi wa m'mizinda, koma nyimbo zambiri zimalowana popanda kupumira, ndipo kumapeto kwenikweni chuni cha nyimbo yoyamba chimamvekanso. Inunso mungasankhe kachuni kakafupi ka kalata, kazimveka katatu kokha m'chimbale chonse: poyamba pa gitala, pakati ndi mawu a mayi, pomaliza pang'onopang'ono. Kakapitirira apo kayamba kutopetsa.

Pa nyimbo 14 zija, konzekerani kutsala ndi zisanu ndi zinayi kapena khumi. Imene idzakuvuteni kuchotsa ndi ija yokoma kwambiri koma yosayendetsa nkhani. Musaitaye, itulutseni payokha nthawi ina.

Wagitala wayankha:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Pepala lija ndalemba usiku wathawu, ndipo zimene ndapeza zandiumitsa pakamwa. Nyimbo 11 akuyankhula ndi bambo, ndipo mwa zimenezo zisanu ndi zitatu ali m'chipinda usiku, alibe kanthu m'manja. Zisanu ndi ziwiri zili m'kiyi ya G, monga momwe akulu a ku situdiyo ananenera. Nyimbo zitatu zimene anthu amazikonda ndikamaimba pagulu ndi zomwezo zimene akuyankhula ndi mwana, ndipo a Mlakatuli, mawu anu andikhudza kwambiri, chifukwa sindinkafuna kuvomereza kuti chimbalechi chikunena za ine.

Ndasunga nyimbo zisanu ndi imodzi, ndipo zina ndaziika pambali. Mawa ndikupita kwa mayi anga kukapempha makalata aja, amene akuwasungabe mpaka lero, ndipo ndikawafunsa zimene iwo ankayankha, chifukwa mbali imeneyo sindinaimvepo. Aphunzitsi, ndili ndi funso linanso: kodi nyimbo ya tsiku limene bambo anabwerera kwathu ikhale yomaliza, kapena chimbale chithere pa usiku woti mawa lake afika, tonse tili maso?