Fakitale ikufuna 70% pofika Lachisanu, koma akaunti yasintha dzina. Ndilipire?

NaBanda wa ku Mufakose:
Moni nonse a m'gulu. Ndabwera mutu utaima. Mu Ogasiti ndinaoda nyali za sola 400 ku fakitale ina ya ku Guzhen, ku China, zija zimabwera ndi panelo yake ndi rimoti, imodzi $16, zonse pamodzi $6,400. Ndinapereka dipoziti ya 30%, yomwe ndi $1,920, ndalama ya chipereganyu chathu cha kutchalitchi kuphatikiza kampamba kanga. Dzulo mtsikana amene ndimalankhula naye pa WeChat wanditumizira zithunzi za makatoni 80, akuti katundu watha kukonzedwa, nditumize $4,480 yotsalayo pofika Lachisanu kuti apakire tchuthi chawo cha pa 1 Okutobala chisanakwane. Chandidodometsa n'choti invoisi yatsopanoyi ili ndi akaunti ya ku Hong Kong, dzina lina, pomwe dipoziti ndinalipira ku akaunti ya ku Zhongshan, mzinda womwe kuli Guzhen. Nditamufunsa wangoti "no problem my friend". Ine ndimafuna nyalizi zikhale pashelefu ku Gulf Complex kuno ku Harare ogwira ntchito m'boma akamalandira bonasi. Kale ndinkangotenga timakatoni tiwiri titatu kudzera kwa marana, aja otengera anthu katundu kudutsa naye pa boda, uku n'kuyamba kuoda ndekha. Ndilipire?

Achimwene a ku Kaguvi:
Achemwali, musatumize ngakhale senti. Ine zinandionekera ndi mabuleki padi. Kalata inabwera pa imelo, chizindikiro cha kampani chomwecho, dzina la wogulitsa lomwelo, akuti akaunti yathu ikuwerengedwa ndiye mulipire kuno. Ndinalipira. Patatha sabata fakitale n'kumandifunsa kuti ndalama mutumiza liti. Nditayang'anitsitsa, adiresi ya imeloyo inasiyana ndi yeniyeni pa chilembo chimodzi chokha. Mpaka lero ndalama imeneyo ndimangoilota.

NaBanda wa ku Mufakose:
Mayo ine. Koma ineyo invoisi yabwera pa WeChat yomwe ija ndakhala ndikucheza naye chiyambire.

Mayi a Chikondi (Highfield):
Akaunti ya ku Hong Kong payokha si umbava ayi, tisamuopseze mwanayu. Mafakitale ang'onoang'ono ambiri a ku Guangdong amalandira madola kudzera ku kampani ina, mwina yawo yomwe anailembetsa ku Hong Kong, mwina ya ejenti amene amawatulutsira katundu kunja. Ine awiri mwa amene ndimagulako nsalu za makatani amatero. Koma mawu apakamwa a mtsikana wogulitsa si umboni. Chitani izi lero lomwe. Muwauze akutumizireni chiphaso chawo cha bizinesi. Pamakhala nambala ya zilembo 18, dzina la kampani m'Chitchaina ndi dzina la mwini wake. Nambala imeneyo imafufuzika pa tsamba la boma lawo lolembetsera makampani, ndipo dzinalo lifanane ndi la akaunti munalipirako dipoziti ija. Kenako alembe kalata yonena kuti kampani ya ku Hong Kong yakutiyakuti ikulandira ndalama m'malo mwawo pa oda nambala yakuti, adinde chidindo chofiira chozungulira chija. Kwawoko chidindo ndiye kampani, siginecha sailabadira kwenikweni. Mukatero imbani foni ya vidiyo, osati kwa mtsikanayo yekha, muone bwana wake ali m'fakitale, anene ndi pakamwa pake dzina la akauntiyo.

Bambo a Tadala, okiliya katundu:
Nonse mwathamangira akaunti, koma ine pali china chandiwawa kwambiri. Mayi, satifiketi ya CBCA ili kuti?

NaBanda wa ku Mufakose:
Imeneyonso ndiye chiyani bambo? Si inu okiliya mumakonza zimenezo katundu akafika?

Bambo a Tadala, okiliya katundu:
Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Kuyambira mu 2016 katundu wa mitundu ina wolowa muno m'Zimbabwe, zamagetsi zili momwemo, amayenera kuyesedwa kudziko komwe akuchokera asanakwere sitima, ngati mtengo wake wa FOB, wosaphatikiza za sitima ndi inshuwalansi, wapitirira $1,000. Wanuyu wapitirira kasanu ndi kamodzi. Bureau Veritas ndi amene anayamba nayo ntchitoyi ndipo ku China ali ndi maofesi. Wogulitsa ndiye amalemba fomu yopempha, n'kupereka invoisi ndi malipoti a mayeso a katunduyo, oyesa n'kubwera kudzaona makatoni, kenako satifiketi n'kutuluka. Ine ndikamalowetsa Bill of Entry, pepala lolowetsera katundu m'dziko, mu kompyuta ya kasitomu ya ASYCUDA, a ZIMRA okhometsa msonkho amaifuna satifiketiyo. Ikasowa, katundu amaima, mumalipira chindapusa chowerengedwa pa mtengo wa katundu yense, ndiye tsiku lililonse akugona m'nyumba yosungira katundu ndalama ikuwerengeka. Phindu la nyali 400 limathera pomwepo.

Ndiye onani masiku. Lero ndi pa 23 Sepitembala. Fakitale siinalembe n'komwe fomu. Kunena kuti apakira lisanakwane tsiku la 1 Okutobala ndiye kuti akufuna apakire opanda satifiketi, vutolo lidzakupezeni inu pa boda ya Forbes iwo atadya kale ndalama.

Junior wa ku Siyaso:
Aaa madala, mukukulitsa nkhani. Auzeni aku China alembe mainvoisi asanu ndi atatu a $800 iliyonse, nkhani yatha. Kapena apereke kwa rana, iye amadziwa polowera.

Bambo a Tadala, okiliya katundu:
Iwe Junior, makatoni 80 ofanana, wotumiza mmodzi, wolandira mmodzi, sitima imodzi, ukuganiza kuti a kasitomu ndi ana? Mainvoisi ogawagawa amawaona tsiku ndi tsiku. Akakayikira amaika mtengo wawo, kapena kulanda katundu. Komanso mayiwa akulipira kudzera ku banki. Banki idzafuna Bill of Entry yosonyeza kuti madola anatuluka aja anabweretsa katundu wa mtengo womwewo. Mwatumiza $6,400, pepala likuti $800, mudzayankha chiyani? N'chifukwa chakenso dzina la ku Hong Kong lija liyenera kuoneka pa invoisi ndi pa kontirakiti, osati pa WeChat pokha. Mapepala akasemphana mayina, wovutika ndi inu.

Junior wa ku Siyaso:
Chabwino madala, ndagonja. Koma ena akulemera nazo.

Malume a ku Rugare:
Akulemera amene ukuwaonawo, amene analandidwa sayankhula. Tisiye zimenezo.

Mphwanga NaBanda, ine funso langa ndi la mabatire. Nyali za sola zimakhala ndi mabatire a lithium m'kati. Kwa oyendetsa sitima ameneyo ndi katundu woopsa, kalasi 9, nambala yake UN3481 batire ikakhala m'kati mwa chipangizo. Amafuna pepala lofotokoza za chitetezo cha katunduyo lotchedwa MSDS ndi lipoti la mayeso a UN38.3. Makatoni 80 sadzaza kontena, ndiye kuti mukuphatikizana ndi ena. Kodi wokutumizirani katunduyo munamuuza kuti muli mabatire? Ambiri ophatikiza makontena amakana, ena amalola koma mtengo wa CBM, kiyubiki mita imodzi ya malo m'kontena, umakwera.

NaBanda wa ku Mufakose:
Malume, ndinangomuuza kuti ndi nyali, ma CBM 6, kuchokera ku doko la Nansha kudzera ku Beira. Sanafunse zambiri, inenso sindinanene.

Malume a ku Rugare:
Muuzeni lero. Kuli bwino akane panopa kusiyana n'kuti makatoni akabwezedwe pageti la nyumba yosungira katundu ku Guangzhou, fakitale itatseka, aliyense atapita kumudzi kwawo.

Mayi a Chikondi (Highfield):
Ndiwonjezere apa, poti satifiketi akunena Bambo a Tadala ija ingakupusitseni. Oyesa aja amaona ngati katundu akukwaniritsa miyezo ya boma. Sabwera kudzaona ngati mwapatsidwa zomwe munagwirizana. Imeneyo ndi ntchito yanu. Zithunzi za makatoni otseka sizinena kanthu. Pa nyali za sola chinyengo chimakhala m'mimba: pabokosi alemba 200W, sampulo anakutumizirani ili ndi mabatire atatu, koma za m'makatoni zili ndi awiri, kapena atatu omwewo koma ogwiritsidwa kale ntchito. Kunja zimafanana ndendende. Kasitomala wa ku Budiriro adzaidziwa nyaliyo ikathima 11 koloko usiku magetsi kulibe, ndipo m'mawa adzakupezani pa shopu, osati ku Guzhen.

Mphamvu yanu yonse ili mu 70% imeneyo. Ikangotuluka, mawu anu asanduka mphepo. Sampulo ija mukadali nayo?

NaBanda wa ku Mufakose:
Ilipo mayi, ndinaipachika pakhonde, imafika mpaka m'bandakucha.

Mayi a Chikondi (Highfield):
Itsitseni. Muiyeze pa sikelo ya kukhitchini, mulembe kulemera kwake, mutsegule kumbuyo mujambule mabatire ndi zolembedwa pamenepo, muyezenso panelo m'litali ndi m'lifupi. Ine ndikunyamuka pa 13 Okutobala kudzera ku Addis Ababa, ndikupita ku Canton Fair, chionetsero cha malonda cha ku Guangzhou. Gawo loyamba limatsegulidwa pa 15, ndipo zamagetsi ndi nyali zimakhala m'gawo lomwelo. Kuchokera pa Guangzhou South pali sitima yapamtunda yoima pa Guzhen penipeni, si ulendo wotopetsa. Ndikhoza kukaponda pafakitalepo tsiku limodzi. Mudzangondibwezera ya sitima ndi ya womasulira. Nyaliyo sindinyamula, mabatire pa ndege ndi milandu, mundipatse zithunzi ndi manambala basi.

NaBanda wa ku Mufakose:
Mayi, ndilibe mawu. Koma ndiye bonasi yandipita. Akapakira kumapeto kwa Okutobala, ku Beira zifika liti?

Bambo a Tadala, okiliya katundu:
Mwa zomwe ndakhala ndikuona, muwerengere masabata asanu kapena asanu ndi limodzi panyanja, poti sitima zambiri zimayamba zasinthitsa makontena padoko lina. Muwonjezere masiku a padoko ku Beira, kenako mzere wa mathiraki pa Machipanda ndi Forbes, umene mu Disembala umatalika. Kuchoka ku Mutare kufika kuno ndi tsiku limodzi. Zikayenda bwino, pakati pa Disembala. Musalonjeze munthu tsiku. Pakadali pano onetsetsani kuti ITF263 yanu, satifiketi yosonyeza kuti misonkho mumalipira, ili moyo, chifukwa popanda imeneyo pa boda amawonjezera msonkho wina. Munditumizirenso invoisi ndi mndandanda wa makatoni ndione tarifi yake msanga. Kumbukirani kuti msonkho sawerengera pa $6,400 yokha ayi, amaphatikiza mtengo wa sitima ndi inshuwalansi, VAT n'kubwera pamwamba pa zonsezo. Ambiri amaika mtengo wogulitsira atangoona invoisi ya fakitale, kenako n'kumalira.

Achimwene a ku Kaguvi:
Bonasi imabwera chaka ndi chaka achemwali. Ndipo magetsi mmene akuthimiramu, nyali mudzagulitsa ngakhale mu Januwale.

NaBanda wa ku Mufakose (25 Sepitembala):
Ndabwera ndi lipoti. Akaunti ija ndi yawodi. Atumiza chiphaso cha bizinesi, dzina likugwirizana ndi la dipoziti, kalata ya chidindo chofiira yabwera, ndipo bwana wake ndamuona pa vidiyo ataima pakati pa makatoni anga. Achimwene a ku Kaguvi, mtima ukhale pansi. Za CBCA ankazidziwa bwinobwino, ati anaganiza kuti ine ndili ndi njira yanga. Nditati sindilipira mpaka satifiketi ituluke ndiponso Mayi a Chikondi adzaone katundu, mtsikana uja anayamba kulira kuti malo m'fakitale achepa, bwana amukalipira. Ndinangokhala chete. Patatha maola awiri wavomera. MSDS ndi UN38.3 atumiza. Wonditumizira katundu uja wakanadi mabatire, Malume munalosera.

Malume a ku Rugare:
Musadandaule. Ine ndili ndi kontena ya mafiti 20 ya mainiveta ndi mabatire ikunyamuka ku Nansha kumayambiriro kwa Novembala, yolembetsedwa kale ngati katundu woopsa. Imalowa ma CBM 28 ikapakiridwa bwino, ine anga ndi 21. Anu 6 akwana. Tigawana mtengo malinga ndi malo, koma aliyense ndi mapepala ake, satifiketi yake, Bill of Entry yake. Bambo a Tadala atiuze mmene angalembere kuti pa boda pasakhale chisokonezo.

Bambo a Tadala, okiliya katundu:
Zimatheka. Wotumiza katundu wanuyo atulutse house bill of lading ziwiri, mapepala osonyeza mwini katundu wa m'sitima, wina yake wina yake. Mubwere nonse ku ofesi ku Msasa Lolemba tikhale pansi.

Mayi a Chikondi (Highfield, 21 Okutobala):
NaBanda, ndachokako ku Guzhen. Fakitale ilipodi, ndi yaing'ono, ili pansanjika yachitatu, anthu ake aulemu, tiyi anandipatsa. Ndinasankha ndekha makatoni asanu ndi atatu, ena apansi penipeni, osati amene anandiikira kutsogolo. M'makatoni asanu nyali zikulemera ngati sampulo yanu. M'makatoni atatu zapepuka, titatsegula muli mabatire awiri, malo a chitatu aikapo kachidutswa ka thovu kuti zisagwedere. Bwana uja nkhope inagwa, akuti mabatire anawathera pakati pa ntchito ndipo anyamata anangopitiriza. Kaya n'zoona kaya ayi, ine sindinatsutsane naye. Tawerenga limodzi, makatoni a tsiku limenelo ndi 26, nyali 130. Walemba ndi kudinda kuti akonza zonse pofika pa 28, ndipo nyali iliyonse aijambula ili pa sikelo. Womasulira wanga amakhala ku Zhongshan konko, wavomera kubwererako pa 29 kukatsegulanso makatoni khumi. Akufuna 300 yuan. Oyesa a CBCA ndawauza a fakitale kuti awaitane akamaliza kukonza, osati asanakonze.

Junior wa ku Siyaso:
Thovu?? Ine ndikanalipira Lachisanu lomwe lija.

NaBanda wa ku Mufakose:
Mayi, 300 yuan imeneyo mupatseni, ndikusiyirani madola ake kunyumba kwa Chikondi mawa ndikamachoka ku tawuni. Malume, kontena yanu akutseka liti kulandira katundu? Ngati womasulira apita pa 29, oyesa n'kubwera pambuyo pake, ndikuopa kuti satifiketi ingatuluke inu mutatseka kale.

Malume a ku Rugare:
Akutseka pa 6 Novembala. Ndafunsa, ikatiphonya imeneyo pali ina pa 13. Auzeni a fakitale alembe fomu ya oyesa lero lomwe kuti tsiku likhale losungidwa, asadikire pa 29. Ndipo makatoni anu alembe dzina lanu mbali ziwiri ndi inki yakuda, anga ndi ofiira.