Kodi Mbps ndi MB ndi chinthu chimodzi? Rauta yandizunguza mutu

Fotokope_PaBoma:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi kashopu ka fotokope pa Mangochi boma pano ndiye mwezi watha ndinagula rauta yoika simukadi kuti ofunsira ntchito azitumizira ma CV pompano. Wogulitsayo anati 10 Mbps, koma dzulo ndimadawuniloda fayilo ya 500 MB pa laputopu pankalemba 1.2 MB/s basi, kasitomala mpaka anakagula chips pa chiwaya nkubwerako isanathe. Andibera kapena? China, nthawi zina Wi-Fi timizere tonse tadzadza koma WhatsApp osayenda olo pang'ono.

Mwana wa ku Malindi:
Achimwene sanakubereni ayi, kungoti zilembozi zimapusitsa. Mbps ya b wamng'ono ndi ma bit, MB ya B wamkulu ndi ma byte, ndipo byte imodzi ndi ma bit 8. Ndiye 10 Mbps yanuyo gawani ndi 8 mupeza 1.25 MB pa sekondi, zomwe mukuonazo ndi zomwezo. Fayilo ya 500 MB ikuyenera kutenga pafupifupi mphindi 7. Makampani amakonda kulemba ma bit chifukwa nambala imaoneka yaikulu kkkk. MB ndi GB ndi kuchuluka kwa bandulo yomwe mwagula, Mbps ndi liwiro, osaphatikiza.

Ankolo a Solar:
Za timizerezo, Wi-Fi si intaneti bwana. Wi-Fi ndi kanjira kochoka pa foni yanu kufika pa rauta basi, mkati mwa shopu momwemo, pomwe rautayo payokha ikuyenera kugwira 4G kuchokera pa tawa ya netiweki, kaya ndi TNM kaya Airtel malinga ndi simu yomwe mwaikamo. Ndiye bandulo ikatha kapena tawa ikadzadza anthu madzulo, foni iziwonetsabe kuti yalumikizidwa koma kunja sikukutuluka kanthu. Yang'anani timagetsi pa rautapo, ka siginolo ndi kena, ka Wi-Fi ndi kenanso. Ndipo mwayiika pati? Ine yanga ndinkaisunga mkabati kuopa akuba, pansi pa malata, kuseri kwa firiji, nkumadandaula tsiku lililonse mpaka mphwanga anaitulutsa nkuipachika pa windo, zinasinthiratu. Ngati rauta yanuyo ili ndi Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, ya 5 imathamanga koma khoma la njerwa imavutika kulibowola, ya 2.4 imafika patali.

Dada wa ku Chembe:
Ine ndimagwira pa loji ku Cape Maclear ndiye alendo amafunsa ping ping mpaka ndinaphunzira mokakamizika. Ping ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita nkubwerera, amayeza mu ma ms (timagawo ta sekondi, ma ms 1000 ndi sekondi imodzi), ikakhala yochepa ndiye bho. Zili ngati kutuma kabaza kwa M'baluku, Mbps ndi katundu amene anganyamule, ping ndi nthawi yomwe abwerere ndi yankho. Ping ikakwera video call imadukaduka, mumalankhulana mopondana. Komanso inu poti anthu akutumiza ma CV onani upload, liwiro lotumizira zinthu, poti speed test yoyezera liwiro la intaneti imaonetsa nambala ziwiri, yolandirira ndi yotumizira, ndipo yotumizayo kawirikawiri imakhala yaing'ono. Fiber ndiye yokhazikika poti ndi chingwe cha galasi chodutsa kuwala, koma mpaka akukokereni waya pakhomo.

Mwana wa ku Malindi:
Ndayiwala, 10 Mbps ija mumagawana onse olumikiza. Pasiwedi munapatsa angati?

Fotokope_PaBoma:
Iiii apo ndiye mwandigwira. Pasiwedi ndinailemba pa katoni nkumata pakhoma kuti makasitomala asamandivutitse. Ndalowa mu masetingi a rauta pa adiresi ya 192.168 ija monga zalembedwa pansi pa rautayi ndapeza mafoni 14, wa salon wapafupiyu ndi anyamata a njinga alimo onse, wina akuonera mpira pa YouTube. Ndasintha pasiwedi, katoni ndang'amba, rauta ndaikweza pa windo. Ankolo, magetsi akathima ingayende pa power bank kapena mpaka inverter?