Kodi mlatho wongoyembekezera ungasunthidwe pa chibwato kuti maboti adutse?

Mphunzitsi wa ku Kawale:

Akuluakulu, ndili ndi funso kwa amene mumadziwa za zomangamanga ndi za maulendo a pamadzi. Mlatho ukakokoloka kapena ukamakonzedwa, kawirikawiri pamaikidwa wina wongoyembekezera, ndipo milatho yotereyi imakhala yotsika, pafupi kwambiri ndi madzi. Kuno ku Lilongwe zimenezi sizisowetsa munthu mtendere, chifukwa mumtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi simuyenda maboti, ndipo ngakhale timilatho tamitengo ta pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu sititchinga njira ya wina aliyense. Koma pamtsinje ngati Shire, pomwe pamayenda mabwato a asodzi, maboti a alendo ndi onyamula katundu, mlatho wotsika umatseka njira ya pamadzi pamene ukutsegula ya pamtunda. Ndamva kuti kumaiko ena amasenzetsa chigawo cha mlathowo pa chibwato chachikulu chathyathyathya, chimene eni ntchitoyo amachitcha barge, n'kuchisunthira pambali kuti maboti adutse, kenako n'kuchibwezera pamalo pake. Ndikufuna kumvetsa mmene chinthu cholemera chotero chimanyamulidwira popanda makina onyamulira, komanso ngati njirayi ingatheke kwathu kuno. Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo ndikufuna kuti zimene ndikafotokozere ophunzira anga zikhale zoona.

Injiniya wopuma pantchito, Area 47:

Aphunzitsi, zimene mwamvazo n'zoona, ndipo zimachitika m'njira ziwiri zimene anthu amakonda kuzisokoneza. Yoyamba ndi ya mlatho woyandama, umene wonse umakhala pa mapantuni, zoyandamitsa zonga zibwato, omangidwa ku anangula. Pamenepa palibe chonyamula. Amangomasula chigawo chapakati n'kuchikoka ndi boti kapena ndi winchi, makina okulunga chingwe, mpata n'kutseguka. Yachiwiri, yomwe mukufunsayo, ndi ya mlatho wokhala pa nsanamira zokhomedwa pansi pa mtsinje, koma chigawo chimodzi chimangotsamira pa nsanamirazo chosawotcherera, kuti chizitha kuchotsedwa.

Chimene chimanyamula ndi madzi omwewo. Chibwatocho chimakhala ndi zipinda m'kati mwake, ndipo amazithira madzi ndi pampu kuti chitsike, kenako amachilowetsa kunsi kwa mlatho, pamwamba pake atayalapo kale migogo kapena chimango chachitsulo cholandirira katunduyo. Chikaima pamalo oyenera amayamba kupopa madzi aja kuwatulutsa. Chimakwera pang'onopang'ono mpaka migogo itakhudza kunsi kwa mlatho, ndipo kuyambira pamenepo lita iliyonse yotuluka imachotsa kilogalamu imodzi pa nsanamira n'kuisenzetsa chibwato. Kulemera konse kukasamuka, mlatho umanyamuka mosaonetsera, ndipo wogwada pansanamira ndi amene amayamba kuona kuwala kukulowa pakati pa chitsulo ndi pokhalira pake.

Ophunzira anu angathe kuwerengera okha. Tiyerekeze chibwato cha mamita 20 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Kuti chitsike kapena kukwera ndi sentimita imodzi pamafunika matani 1.6, popeza malita 1,000 a madzi a mumtsinje amalemera tani imodzi. Ngati chigawo cha mlatho chikulemera matani 40, muyenera kutulutsa malita 40,000 kuti chibwato chilandire katundu yense, ndi malita enanso 24,000 kuti chimukweze ndi masentimita 15. Pampu yotulutsa malita 1,000 pa mphindi idzatha ola lathunthu ndi mphindi zingapo pa ntchito imeneyi, ndipo pobwezera mlathowo mudzafunikanso nthawi yonga yomweyo.

Milatho yongoyembekezera yambiri kwathu kuno ndi ya mtundu wa Bailey, umene Donald Bailey wa ku Britain anaupanga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Umalumikizidwa ndi mapini kuchokera ku zigawo zachitsulo za mamita atatu m'litali, chilichonse cholemera makilogalamu pafupifupi 260, kotero kuti amuna asanu ndi mmodzi amachinyamula pamanja. Kupepuka kwakeko kumauchititsa kukhala woyenera ntchitoyi, koma pali msampha umene ndikufuna muudziwe. Mlatho uli pansanamira umagwiridwa kumapeto, ndipo pakati ndi pamene pamafuna kugwa. Ukakhala pa chibwato umagwiridwa pakati, mapeto ake n'kumalendewera, motero zitsulo zimene zinkakokedwa zimayamba kupanikizidwa, ndipo zimene zinkapanikizidwa zimayamba kukokedwa. Injiniya ayenera kuwerengera mikhalidwe iwiri yonseyi ndi kulemba ndi penti malo enieni pomwe migogo ikhudze. Chachiwiri n'chakuti katundu ali pamwamba, ndiye chibwato sichichedwa kupendekeka, makamaka zipinda zikakhala ndi madzi osadzaza, chifukwa madziwo amathamangira mbali yomwe yatsika n'kuwonjezera kupendekekako. N'chifukwa chake amapopa zipinda motsatana, mbali zonse mofanana, ndipo nthawi zina amamangirira zibwato ziwiri pamodzi kuti thunthu lake likhale lotambalala.

Mwana wa ku Liwonde, tsopano ku Biwi:

Bambo injiniya, mwafotokoza momveka, ndipo pa masamuwo ndilibe chotsutsa. Komabe ine monga mayi wokulira m'mbali mwa Shire ndikuona kuti kunyamulako ndiko kosavuta pa ntchito yonseyi. Chovuta ndi kugwira chibwato kuti chiime chilili pamadzi oyenda, pomwe chikuyenera kulowa pakati pa nsanamira ziwiri ndi kubwezera mlatho pamalo amene sapereka mpata woposa chikhatho. Shire ya mu Okutobala ndi ya mu Marichi si mtsinje umodzi. Ndinaphunzira kuti liwiro la madzi likawirikiza kawiri, mphamvu yake yokankha imawirikiza kanayi, ndipo aliyense amene anapalasapo bwato mokwera mtsinje nthawi ya dzinja amadziwa zimenezi m'mapewa mwake.

Kenako pali namasupuni ndi zisumbu za udzu zimene zimatsika kuchokera kunyanja ya Malombe. Zomerazi zikapeza chingwe kapena nsanamira zimaunjikana, ndipo pofika m'mawa mumapeza mulu wobiriwira wautali ngati bwalo, mbalame zitaima pamwamba pake, chingwe chitakungika mpaka kumalira. Si pachabe kuti pa Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, pamagwiridwa ntchito yotchinga ndi kuvuula zomerazi zisanafike kumakina a magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Chibwato chokocheza pafupi ndi mlatho, pamodzi ndi zingwe zake zinayi kapena kuposa, chidzakola zonsezi, ndipo kuzichotsa si ntchito yoti munthu angodumphira m'madzi, popeza muli ng'ona ndi mvuu.

Zingwezo ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa cha opalasa. Mabwato a asodzi safuna kuti mlatho utsegulidwe. Wopalasa amangowerama kapena kugona chagada m'bwato, nkhafi ili pachifuwa, n'kudutsa kunsi. Koma chingwe chachitsulo chimene chagona m'madzi chosaoneka chimavumbuluka mwadzidzidzi winchi ikayamba kukoka, ndipo bwato likakhala pamwamba pake limagubuduka nthawi yomweyo. Anthu amenewa sawerenga zidziwitso za m'nyuzipepala, ndipo ambiri amayenda mbandakucha kapena usiku. Ngati palibe boti lolondera kumtunda ndi kumunsi, mbendera, nyali ndi uthenga wodzera kwa mafumu ndi m'makomiti a asodzi a m'madoko, ndiye kuti pothandiza maboti akuluakulu owerengeka tidzaika pachiswe anthu ambiri amene mtsinjewo ndi munda wawo.

Ndipo tisaiwale a pamtunda. Mwa kuwerengera kwanu komwe, bambo, msewu ungatsekedwe maola atatu pa kutsegula kumodzi. Amayi opita ndi tomato kumsika, ana a sukulu, akabaza, onsewa angathe kuzolowera ngati ola lake likudziwika ndipo silisinthasintha. Amene sangadikire ndi mayi woyembekezera amene ali mu ambulansi kutsidya. Anthu a ku Makhanga ndi Bangula akhala akuoloka pa mabwato kuyambira pamene madzi anadula njira pafupi ndi Chiromo mu 1997, ndipo iwowa angatiuze bwino tanthauzo la kukhala ndi chipatala kutsidya kwa madzi.

Wokonda mbiri, Chilinde:

Ndingowonjezerapo zitsanzo za milatho yoyandama imene imatsegukira zombo, kuti aphunzitsi akhale ndi zoonetsa ophunzira. Mumzinda wa Willemstad pachilumba cha Curaçao, m'nyanja ya Caribbean, muli mlatho wa Queen Emma, umene unamangidwa mu 1888. Umayandama pa mapantuni 16, ndipo mbali imodzi ndi yomangirira kugombe pamene kumapeto kwinako kuli injini zimene zimaukankha kuti utembenukire m'mbali mwa gombe, sitima n'kudutsa. Ukatsegulidwa nthawi yaitali, oyenda pansi amaolotsedwa pa maboti mwaulere, zomwe zikuyankha nkhawa ina imene mayi a ku Liwonde atchula. Ku Guyana, dziko la ku South America, anatsegula mlatho woyandama pamtsinje wa Demerara mu 1978, wotalika mamita oposa 1,800, wokhala ndi chigawo chobwerera m'mbuyo kuti sitima zazikulu zidutse, ndipo maola otsekera msewu ankalengezedwa kwa anthu pasadakhale. Mu Okutobala 2022 sitima yonyamula mafuta inaomba mlathowo, magalimoto n'kulephera kuoloka kwa masiku angapo, zomwe zikusonyeza kuti mpata wotsegulidwawo ndi malo angozi kwa mlatho womwe. Ku Kolkata m'dziko la India kunalinso mlatho woyandama kuyambira 1874, umene unkatsegulidwa kuti zombo zidutse, mpaka pamene mlatho wa Howrah unayamba kugwira ntchito mu 1943.

Mphunzitsi wa ku Kawale:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu mayi, chifukwa za opalasa sindikanazipeza m'buku. Nditamva mavuto onsewa, ndikufunsanso kwa a injiniya: bwanji osangomanga mlatho wongoyembekezerawo pamwamba ndithu, kuti maboti azidutsa kunsi popanda kusuntha kanthu?

Injiniya wopuma pantchito, Area 47:

Nthawi zambiri yankho labwino ndi lomwelo, aphunzitsi, ndipo ine ndikanayamba kuyesa limenelo ndisanaganize za chibwato. Chimene chimaletsa ndi msewu wokwerera pamlathopo. Kuti lole yodzaza ikwere bwinobwino, tinene kuti msewu ukwere mita imodzi pa mamita 20 alionse, ndiye mukakweza mlatho ndi mamita anayi mwadzipatsa ntchito younda dothi pa mtunda wa mamita 80 tsidya lino ndi mamita 80 tsidya linalo. M'madambo a m'mbali mwa Shire dothi ndi lofewa, ndipo chiunda chotero chimatitimira, chimatchinga madzi osefukira, komanso chingalowe m'minda ndi m'nyumba za anthu amene ayenera kulipidwa. Nsanamira zazitali nazonso zimafuna kulimbitsidwa kwambiri. Pa mlatho wa chaka chimodzi kapena ziwiri ndalama zimenezi zingakule kuposa phindu lake.

Choncho choyamba ndi kuwerenga maboti. Munthu akhale padoko nyengo zonse ziwiri, alembe maboti amene sangadutse kunsi, kutalika kwawo kuchokera pamadzi, ndi masiku amene amayenda. Ngati ndi boti limodzi kapena awiri pa sabata, njira ya chibwato ndi yoyenera, ndipo amagwirizana tsiku ndi ola kuti onse adutsire limodzi. Ngati ndi tsiku ndi tsiku, kupopa madzi maola awiri pa ulendo uliwonse sikungapirike, ndipo ndi bwino chigawo chapakaticho chikhale choyandama mpaka kalekale, chomangokokedwa ndi winchi. Tikumbukirenso kuti Shire siyendeka ndi maboti paliponse. Amayenda kuchokera ku Mangochi kudzera pa Malombe kufika ku Liwonde, ndiponso kuchokera ku Chikwawa kutsikira ku Nsanje, koma pakatipo pali mathithi, ndipo a Kapichira ndi amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859. Funso lanuli likukhudza zigawo ziwiri zokhazo ndi pamathiriro a mitsinje yolowa m'nyanja.

Mayi a ku Liwonde anena zoona pa za kusintha kwa mtsinje, ndipo pali mbali inanso ya vuto lomwelo. Kumaiko a m'mbali mwa nyanja zamchere amadikira madzi akwere okha, monga amachitira kawiri pa tsiku, ndipo chibwato chimanyamula mlatho popanda kupopa kwambiri. Ife tilibe mwayi umenewo. Madzi athu amakwera ndi kutsika potsata nyengo, motero mpata wa pakati pa madzi ndi mlatho umasintha mwezi ndi mwezi. Madzi akakwera kwambiri, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, chibwato sichingalowenso kunsi ngakhale mutachithira madzi chotani, ndipo akaphwa migogo sifikira mlatho kapena chibwato chimakhudza mchenga. N'chifukwa chake chimango cha pamwamba chiyenera kukhala chotha kuwonjezedwa ndi kuchepetsedwa, majeke akhalepo, ndipo pansanamira pakhomedwe thabwa loyezera madzi lokhala ndi mizere iwiri yofiira, wapamwamba ndi wapansi. Madzi akadutsa mzere uliwonse, kapena mwera ukamaomba mwamphamvu, mlatho susunthidwa, ngakhale mwini boti atadandaula chotani.

Pa za ambulansi, pangano lake lilembedwe ntchito isanayambe, pamodzi ndi a Roads Authority, a nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi, a zaumoyo a m'bomalo ndi mafumu. Boti la injini lokhala ndi machira ndi majekete oyandamitsa likhale lokocheza nthawi yonse imene msewu watsekedwa, galimoto ina ikudikira kutsidya. Mlatho ukabwezeredwa, woyang'anira ayendere pokhalira ponse ndi mapini onse ndi maso ake, aolotse galimoto imodzi yopepuka poyamba, ndipo akakhutira ndi pamene achotse chotchinga kuti malole ayambe kudutsa imodziimodzi.