Kodi chigamulo cha Aogiek chingatiteteze ifenso ku Kasiya?

NaBanda_Area25:
Abale ndithandizeni. Ndawerenga kuti mu 2017 khothi la Africa la ku Arusha linagamula kuti boma la Kenya linalakwa pothamangitsa Aogiek mu nkhalango ya Mau chifukwa ndi kwawo kuyambira makolo. Ndiye kwathu ku Kasiya nkhani ya mgodi wa rutile (miyala yomwe amapangira chitsulo cha titanium) ili mkamwamkamwa, agogo sakugona tulo poganizira munda ndi manda athu, kodi chigamulo chimenechi chingatikhudze ifenso?

Phiri wa ku Mitundu:
Achemwali, Aogiek ndi kagulu kochepa ka alenje ndi ofula njuchi komwe boma linkangokakankhira kumbali, chimodzimodzi Asan a ku Botswana amene anawina mlandu wa malo awo a ku Central Kalahari mu 2006. Ife Achewa kuno ndife ambiri, njira imeneyo kwa ife ndi yovuta. Eni dziko amene makolo athu anawapeza ndi Akafula, zojambula zawo zili pa miyala ku Chongoni.

mai a Chiko:
aPhiri zoona koma musawafooketse. Chikalata cha UN cha 2007 cha ufulu wa eni dziko ngati Aogiek chimati anthuwo awuzidwe zonse, amvetse, avomere mosakakamizidwa ntchito isanayambe, ndipo ine ndimati mfundo imeneyo ikhale ya mudzi uliwonse. Kwathu anabwera anthu pa galimoto nkukhala ndi a gulupu pansi pa mtengo wa mango, kusayina pepala basi, ife kudzuka mmawa kupeza zikhomo zofiira zazikidwa kale pakati pa mizere ya mtedza, mayi anga anangokhala pansi pomwepo khasu lili mmanja. Mfumu ikasayina sindiye kuti mudzi wavomera. Komanso kwathu munda umayenda ku mbumba, nanga bwanji pokambirana amakhala amuna okhaokha?

Chisale_LL:
Mayi mwanena zenizeni. Ngakhale Aogiek omwewo anawathamangitsanso mu 2023 chigamulo chilipo, ndiye tisadalire Arusha yokha. Gwirani malamulo athu. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko limati boma potenga malo liyenera kukudziwitsani bwino, kupereka chipukuta misozi choyenera, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula ku khothi. Customary Land Act ya 2016 imalola kulembetsa malo a makolo, ndipo mu komiti ya malo, mwa anthu 6 osankhidwa osachepera 3 akhale azimayi.

NaBanda_Area25:
Zikomo nonse. Loweruka ndipita kumudzi ndikafunse amalume ngati komiti imeneyo ilipo komanso muli ndani. aChisale, polembetsa timayambira kwa a gulupu kapena ku khonsolo?